Kukadikira Lipenga kwa Makanjira

Papa atamwalira, ife a ku Msumba tinamva ngati mmene timamvera maliro a kutsidya kwa nyanja. Tinati pepani, n'kupitiriza kuyanika usipa. Ndife Aanglikani, timapemphera m'tchalitchi chakale cha pamishoni, ndipo za ku Roma sizitikhudza kwenikweni. Sindinkayembekeza kuti imfa imeneyo ingandichotse pathandala langa n'kundiyendetsa mpaka mapazi kutupa.

Anayambitsa zonsezi ndi a Fabiano, Mkatolika wa ku Chiwanga amene amasewera bawo ndi atate. Anabwera ndi nkhani imene mwana wawo anawawerengera pafoni, yoti kalekale ku Ulaya kunali bishopu wina amene anapita ku Roma n'kukaona masomphenya. Akuti anaonetsedwa apapa onse odzakhala pampando, mmodzimmodzi, aliyense ndi chizindikiro chake cha mawu awiri kapena atatu, mpaka wotsiriza. Wotsirizayo akadzatha, mzinda wa Roma udzagwa ndipo Woweruza adzafika. Malinga ndi kuwerenga kwa a Fabiano, amene anamwalirayo ndiye anali womaliza. Anafotokoza zimenezi uku akuseka, anamaliza bawo lawo, n'kubwerera kwawo. Atate, a Barnaba, ndi amene anatsala pakhonde akuiganizira nkhaniyo.

Posakhalitsa anapereka ukonde wawo kwa mdzukulu. Kenaka anapereka nkhafi. Nditawafunsa chimene chikuchitika anati, "Edina, ndikupita kwa Makanjira, kwa amayi ako."

Amayi anamwalira nthawi ya nkhondo ya kwathu ku Mozambique, tili othawa kwathu ku Malawi, ine ndili kamtsikana kosadziwa n'kumanga komwe kapulana, chitenje cha kwathu. Tinawaika komweko. Nkhondo itatha tinabwerera opanda iwo, ndipo atate sanakwatirenso, sanapitekonso.

"Atate, papayo si wathu," ndinatero. "Akukukhudzani bwanji?"

"Ndi wa amayi ako. Rozina anakana kusiya Katolika mpaka tsiku lake lomaliza. Tsono lipenga likalira, aliyense adzadzuka pamene anamugoneka. Iye adzadzuka m'dziko la eni, pakati pa alendo. Angelo akayamba kugawa anthu, a Roma uku, a mishoni uku, ine ndikamupeza kuti? Munthu uja ankasochera ngakhale pamerikado, msika uja wa Metangula. Ndikufuna lipengalo lindipeze ndili pambali pake."

Ndinaseka, kenaka ndinapsa mtima, kenaka ndinakaitana apadiri athu. Apadiri anawauza kuti tsikulo palibe amalidziwa. Atate anavomera zonse mwaulemu, ndipo apadiri atangotuluka anapitiriza kumanga chikwama chawo. Anali okonzeka kupita okha, munthu woti akakhala pansi amadzuka ndi chogwirira. Amuna anga anati, "Pita nawo akaone manda, mtima ukhale pansi, ubwere nawo." Ntchito yanga inali imeneyo, kupita ndi atate ndi kubwera nawo. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma kwathu anadya ndi akulu, zinapota ine.

Kwa Makanjira si kutali ukadzera panyanja, ndi gombe lomweli kulowera kummwera. Koma mwera unali utayamba ndipo panalibe mwini boti wolola kunyamula nkhalamba pamafunde otero. Njira yachidule ya kumapiri ndi ya njinga zamoto, yoti msana wa atate sukanaipirira. Tinatsala ndi msewu waukulu: kukwera ku Lichinga, kutsikira ku Mandimba, kuwoloka malire, kufika ku Mangochi, kenaka kubwereranso kumpoto mbali ya Malawi.

Pa Metangula tinapeza chapa, minibasi ya kwathu, ili ndi anthu ochepa, ndipo kobradoro, kondakitala wake, analumbira kuti tikunyamuka pompano. Pompano wake anali wa dzuwa kufika pamutu. Motorisita, woyendetsayo, ankaliza injini, kuzungulira merikado, n'kubwerera pomwe tinali paja, ife tikuphikika mkati limodzi ndi matumba a usipa wa amalonda. Usipawo unkandiwawa mtima, chifukwa inali nyengo ya mdima, pamene usipa umaphedwa wambiri, ndipo matandala anga ndinawasiya opanda kanthu. Atate sankaona zonsezo. Aliyense wotulutsa foni ankamufunsa, "Mwananga, ku Roma asankha?" Anali atamva kuti akuluakulu a mpingowo adzitsekera m'nyumba kuti asankhe papa wina, ndipo ankakhulupirira kuti sadzatulukamo.

Pachitunda chokwerera ku Maniamba chapa inayamba kufuka nthunzi. Tonse tinatsika, amuna n'kuika miyala kumatayala, kobradoro n'kutsetserekera kukhwawa ndi chigubu kukasaka madzi. Mayi wina wopita kuchipatala ndi mwana anadandaula kuti apeza atatseka. Mnyamata wamkulu wa ndevu, wogulitsa nsapato, anati galimotoyi inatha kalekale, ikungoyendera pemphero. Atate anamuyankha kuti zonse zatha kale, si galimoto yokha. Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za akulu, ine ndinayang'ana kumbali.

Lichinga inatilandira ndi chisanu chimene ife a kunyanja sitichizolowera. Atate ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Ndinati atsegule chikwama avale juzi, anakana, n'kuchikumbatira pachifuwa. Ndinavula kapulana yanga yapamwamba n'kuwafunditsa, ine n'kutsala ndikuzizidwa ndi kunyinyirika. Tinagona kwa msuweni wanga amene amagwira ntchito m'tauni, ndipo mmawa tinayambanso kudikira kwina, paparaje, pokwerera chapa za ku Mandimba.

Chapa imeneyi inali yabwinoko, koma titadutsa Massangulo tayala linaphulika, ndipo lapadera limene anali nalo linapezeka lopanda mpweya. Kobradoro anakwera nalo njinga yamoto kubwerera kumene tinachokera. Tinakhala pansi pa mango m'mbali mwa msewu, tikugula nthochi kwa amayi a m'mudzimo, amene anaoneka kuti azolowera kudyera pa matayala ophulika. Pakati pathu panali asisitere achikatolika, a msinkhu wanga, ochokera ku Angonia, olankhula Chichewa chomveka bwino. Nditaona mtanda pachifuwa pawo ndinati Mulungu wandikumbuka. Ndinawafotokozera zonse atate ali pomwepo.

Asisitere anamwetulira motopa. "Ulosi umenewo ndikuudziwa, bambo. Papa aliyense akamwalira anthu amaufukula. Koma bishopuyo ali moyo palibe anaumvapo, unadzatulukira patapita zaka mazanamazana iye atafa. Za apapa akale, amene wolembayo ankawadziwa kale, zimagwirizana bwinobwino. Za am'tsogolo ndi mawu oti ungamuveke aliyense ngati chitenje. Ngakhale owerenga ake sagwirizana kuti womaliza ndi uti. Mpingo wathu suphunzitsa zimenezo."

Atate anamvetsera atagwira chipewa m'manja. "Zikomo asisitere, mwafotokoza bwino. Koma mungalumbire kuti si sabata ino?"

"Sindingalumbire. Tsikulo palibe akulidziwa."

"Basi, tagwirizana," anatero atate, n'kuvala chipewa chawo.

Ndinafuna kulira. Tayala litabwera, anthu akukankhana pakhomo la chapa, asisitere anandikokera pambali. "Achemwali, musavutike ndi kuwatsutsa. Bambo anuwa sakuopa kutha kwa dziko. Akulakalaka kuti kufike." Ndinakwiya nawo ngati kuti andilakwira, ndipo mpaka ku Mandimba sindinawayang'anenso.

Pamalire tinafika dzuwa litapendeka, mzere uli wautali, malole ataima mpaka kutali. Tinaima, tinasuntha pang'ono, tinaimanso. Atate anakhala pa mwala ine ndikuwasungira malo, osintha ndalama akutizungulira ngati ntchentche pa nsomba. Titadinditsa mapepala, msilikali wa pachipata anapempha kuti tionetse katundu. Changa anangochigwedeza. Cha atate anachitsegula, ndipo ine ndinali pomwepo, ndikuona. Munalibe juzi, munalibe malaya osinthira. Munali nsalu yoyera yatsopano yopindidwa bwino, sopo mmodzi, ndi mkanjo wawo wakale wa kwaya. Aliyense wa kwathu amadziwa ntchito ya nsalu yotero, yokulungira mtembo. Msilikaliyo anaipinda mwaulemu monga anaipezera.

"Mukakhala masiku angati ku Malawi, madala?" anafunsa.

"Wobwerera ndi mwanayu," anatero atate.

Pakati pa chipata cha Mozambique ndi cha Malawi pali kamtunda ndithu, ndipo anyamata a njinga amadikira pamenepo. Ndi pamenepo ndinataya ulemu wonse. Ndinakalipira atate pamaso pa anthu, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.

"Mwandiyendetsa ulendo wonsewu kuti ndikakutayeni kutchire? Ndikawauza chiyani adzukulu anu? Kuti agogo ndawasiya pamanda akudikira lipenga la a Fabiano?"

"Sindinakuitane," anayankha motsitsa mawu.

Mawu amenewo anandilasa kuposa njala ndi kutopa konse. Anyamata a njinga anasendera pafupi. Mmodzi anawathandiza atate kukwera, wina ananyamula ine, ndipo tinafika ku Chiponde osalankhulana. M'minibasi yodutsa ku Namwera tinakhala mophatikizana, phewa paphewa, aliyense akuyang'ana kwake. Potsika phiri lija la makhotamakhota atate anayamba kusanza, ndipo ndinawagwirira jumbo ndi kuwapukuta kukamwa. Tinagona m'kanyumba ka alendo ku Mangochi, ine pansi, iwo pabedi.

Mmawa tinali pamphambano ya msewu wa ku Malindi, tikudikira lole yopita kwa Makanjira. Mayi wogulitsa tiyi, atavala chitenje cha mpingo, anali ndi kawailesi pa tebulo, ndipo nkhope yake inali yowala ngati wamva za ukwati. Anatiuza tisanafunse n'komwe kuti utsi woyera unatuluka ku Roma dzulo madzulo, papa watsopano wasankhidwa ndipo waonekera kale kwa anthu. Ndinaiwala mkwiyo, ndinagwada pafupi ndi atate.

"Atate, mwamva? Atulukamo m'nyumba muja. Dziko lilipo. Tiyeni tikaone manda mwamtendere, tibwerere kwathu."

Ndinkayembekeza kuti achita manyazi, kapena aseka. Koma nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wauzidwa kuti sitima imene amaidikira sibwera. Anasiya tiyi wawo osamumaliza. Kenaka anati, "N'kutheka a Fabiano analumpha mmodzi powerenga. Kapena womaliza ndi ameneyu." Lole itafika anali oyamba kuimirira.

Msewu wa kwa Makanjira sindiufunira ngakhale mdani wanga. Tinakhala pamwamba pa matumba a simenti ndi shuga, ine nditawakumbatira atate kuti asagwe. Titangodutsa Malindi fumbi linatikuta mpaka tonse kufanana khungu. Pamitsinje ina tinkatsika kuti lole iwoloke yopepuka, ndipo kutsitsa atate ndi kuwakwezanso kunkafuna amuna awiri. Kupitirira Lungwena tinatitimira mumchenga. Anakumba, anaika nthambi, anakankha, lole n'kusuntha pang'ono n'kutitimiranso. Apaulendo anzathu ankacheza m'Chiyao, akuseka, ngati anthu oti zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku. Mayi wina anaona mapazi a atate atatupa n'kuwapatsa mpango wake kuti atsamire. Anandifunsa kumene tikupita, ndipo nditati kumanda a amayi anagwedeza mutu n'kunena kuti ndine mwana wabwino. Sindinadzione choncho. Ndinali wotopa, wonunkha thukuta, ndipo mumtima ndinkawerengera usipa umene unkandipita.

Tinatsika pamudzi wina tisanafike pamsika waukulu. Atate anaima pamsewu akuyang'ana uku ndi uku. Pamene panali misasa yathu ya othawa nkhondo panali minda ya chinangwa ndi mzikiti wa malata atsopano. Mjigo umene atate ankaukumbukira panalibe. Ine sindinkakumbukira kalikonse, ngakhale ndinakhalapo zaka za ubwana wanga. Tinafunsafunsa, tinapereka ulemu kwa eni mudzi monga mwa mwambo, ndipo anatipatsa Che Saidi, nkhalamba yamsinkhu wa atate, amene anali mmodzi mwa okumba manda nthawi imeneyo.

Che Saidi anatitsogolera kuseri kwa msitu wa manda a mudziwo, kumene kunali tchire la udzu wautali. Anaima n'kuloza ndi ndodo. "Anthu anu tinkawagoneka kuno, poti sanali Asilamu. Kuyambira pa mtengo uwu mpaka kukhwawa uko, onsewa ndi a kwanu. Anali ambiri chaka cha matenda otsegula m'mimba. Mitanda inali yamitengo, chiswe chinamaliza kalekale."

Panalibe mtumbira ngakhale umodzi wooneka. Atate analowa muudzumo, ine ndikuwagwira mkono. Anapita kumtengo, anati si pano. Anatsikira chakukhwawa, anati kapena apa, kenaka anati ayi, panali chulu pafupi. Zulu zinalipo zingapo. Tinazungulira mpaka miyendo yawo inakana, ndipo anakhala pansi pakati pa udzu, akupuma movutika.

"Rozina," anaitana, osati mokweza, koma monga ankaitanira munthu ali kuseri kwa nyumba. "Rozina, ndine. Ndabwera."

Ndinali ndisanawamvepo akutchula dzinalo motero, ndipo ndinalira. Ndinalirira amayi amene nkhope yawo ndinaiiwala, ndinaliriranso munthu uyu amene ndakhala naye zaka zonsezi, ndikumuphikira ndi kumuchapira, osadziwa kuti tsiku lililonse ankangodikira. Che Saidi anatembenuka n'kuyang'ana kumsitu.

Dzuwa litayamba kutentha ndinati, "Atate, tiyeni. Mwafika, mwawalonjera."

"Pita iwe. Ine ndikhala. Ngakhale sindikudziwa pamene ali, akadzuka adzandiona. Malowa ndi ochepa."

Che Saidi, mwa ufulu wawo, anati kunyumba kwawo khonde lilipo, mlendo sathamangitsidwa. Ndinawayang'ana ndi diso loti akanakhala ang'ono anga akanathawa. Kenaka ndinakhala pansi pamaso pa atate. Mphamvu zokalipa zinali zitatha.

"Atate, papa wasankhidwa. Lipenga silinalire, ndipo mwina sililira chaka chino kapena chamawa. Mukhala pakhonde la eni mpaka liti? Mukadwala adzakusambitsani ndani? Amayi anandisiya ndili mwana, sindinawatsanzike. Inu musandisiye muli moyo. Sindingakwere lole ija ndekha, sindingathe."

Anayamba kuzula udzu ndi zala. Ndinaona kuti mawu anga afika, koma sanafike pamene ndinkafuna.

"Ndibwerera nawe," anatero potsiriza, "ukandilonjeza chinthu chimodzi. Tsiku langa likafika, usandiike ku Msumba. Undibweretse kuno. Che Saidi andipezera malo, pena paliponse pakati pa mtengo ndi khwawa."

Ndinaona msewu wonse uja m'maso mwanga. Ndinaona bokosi pamwamba pa chapa pachitunda cha Maniamba, bokosi pamzere wa pamalire padzuwa, mapepala a maliro a maiko awiri, bokosi likutsitsidwa ndi kukwezedwa pamtsinje uliwonse, ndi mchenga wa kupitirira Lungwena. Ndinaganiza za abale a ku Msumba, amene sangalole kuti mkulu wa kwaya akaikidwe kutchire la eni. Ndine mayi woyanika usipa, ndilibe galimoto, ndilibe m'bale waudindo. Ndinadziwa kuti sindidzatha.

"Inde, atate," ndinatero. "Ndidzakubweretsani."

Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, monga ankachitira ndili mwana ndikabwera mochedwa kuchokera kunyanja. Kenaka anayang'ana udzu uja, kuchokera kumtengo mpaka kukhwawa, n'kutambasula dzanja kuti ndiwadzutse.

"Ukunama, mwana wanga," anatero. "Koma tiye."